Timapepala ta M'thumba la Kumanzere

"Zikhothi makumi atatu ndi zinayi," anatero achimwene ake a Kapensulo, akukankha hang'ala yomaliza ndi chala. "Zisanu ndi zinayi abambo anamaliza okha. Zatsala makumi awiri ndi zisanu, ndipo masiku ndi anayi. Kwa munthu wolemba mabuku ngati iwe, imeneyo ndi ntchito ya m'mawa umodzi."

Kapensulo anali atakhala pa mpando wautali kuseri kwa tebulo lositira, atavala juzi ya abambo ake imene manja ake anawapinda kawiri. Patsogolo pake panali mulu wa timapepala toyera, kalikonse kukula ngati chikhatho cha mwana. Anali atatiyang'ana kuyambira m'mawa osalembapo ngakhale kadontho.

Mabuku amene achimwene ankanenawo anali kabuku kamodzi ka ndakatulo, kowonda ngati mwini wake, kamene m'nyumba muno kanawerengedwa ndi munthu mmodzi yekha. Munthuyo anali atagona m'manda masiku atatu tsopano. Ndi yemweyonso anamupatsa dzina lakuti Kapensulo, chifukwa ali wamng'ono ankalemba pa chilichonse, ngakhale pa makolala a malaya a eni ake.

Abambo awo anachapa ndi kusita zovala za anthu kwa zaka makumi atatu, m'shopu ya pansi pa nyumba yawo. Msewu wonse unkawatcha a Simbi. Chaka chilichonse kuzizira kukafika pachimake, maofesi akamayandikira kutseka pa tchuthi chachikulu, anthu ankabweretsa zikhothi zawo kuti akaonekere bwino kwa achibale. Aliyense podzatenga chake ankapeza m'thumba la kumanzere kapepala ka ndakatulo ya mizere inayi. Palibe anawatuma a Simbi. Anangoyamba chaka china, ndipo anthu mumawadziwa: ukawapatsa chinthu kawiri, ulendo wachitatu amachifunsa ngati anabadwa nacho.

"Anthu akubwera kudzatipepesa, koma aliyense potuluka akuponya diso ku zikhothi," anapitiriza achimwene. "Lachisanu onse adzakhala pano. Tisawachititse manyazi abambo. Ndipo mpando wakhalapowo uuzolowere. Abambo ankanena okha kuti shopu ino idzakhala ya Kapensulo."

"Ananena liti zimenezo, achimwene?"

"Ankanena."

"Ndili ndi zaka zingati?"

"Kodi mawu a kholo amasasa ngati mkaka? Ine ndili ndi malo anga ogulitsira matayala, ndili ndi ana atatu. Amayi sangakhale okha m'nyumba muno. Iwe ulibe mwamuna, ulibe mwana, ndipo sukulu zophunzitsako zili paliponse. Ndalakwa pati?"

Amayi awo anali ataima pansi pa masitepe, makapu awiri a tiyi ali m'manja. Kapensulo anawayang'ana kuti mwina anenapo kanthu. Iwo anaika makapuwo pa kauntala, n'kuyamba kupukuta pamalo pomwe panali poyera kale.

Chimene achimwene sankadziwa n'chakuti Kapensulo anabwera ku tchuthi chino ndi kalata. Kampani ina yosindikiza mabuku a ana, ya mumzinda wakutali kumene amati kumazizira kuposa kuno, inali itamupatsa ntchito. Inkafuna yankho pofika Lachisanu lomweli, isanakwane faifi koloko, maofesi asanatseke. Akapanda kuimba foni, malowo apatsa wina. Zaka zisanu ndi ziwiri anaphunzitsa ana aang'ono m'tauni ya pafupi, ndipo zaka zonsezo ankadikira kalata ngati imeneyi. Anaipinda kanayi, n'kuiika m'thumba la chikhothi, ndipo njira yonse m'basi ankayeseza mmene akawauzire makolo ake.

Anafika Loweruka masana. Abambo ake anamuchingamira pakhomo monga ankachitira nthawi zonse, manja awiri atatambasula.

"Vula chikhothicho, chanunkha msewu."

Anamuvula asanatule n'komwe chikwama, n'kumuponyera juzi yawo. Za kalata ija anakumbuka ali kale pamwamba, tiyi ali kukamwa. Ndipo mwana wa wochapa, ngakhale wosasamala za ntchitoyo, lamulo loyamba amalidziwa: chovala sichilowa m'madzi usanapise m'matumba.

Lamlungu lonse abambo anadzitsekera m'shopu, akuti ntchito yachuluka. Pa chakudya sanalankhule, ndipo sanamuyang'ane. Lolemba m'mawa anagwa pafupi ndi tebulo lositira, simbi ikadali yotentha. Dokotala anati ndi mtima. Kapensulo anavomereza kuti ndi mtima, ndipo mumtima mwakemo ankadziwanso amene anaulasa.

Chikhothi chake sichinali pa chitsulo chopachikapo zovala. Anachifuna kawiri mwakachetechete. Atafunsa amayi ake, anamuyankha mutu uli m'kabati ya mbale.

"Chili penapake. Ukufuna kupita kuti ndi kuzizira kumeneku?"

Ku maliro anavala chikhothi chobwereka kwa alamu ake, ndipo anachibweza tsiku lomwelo. Choncho sankatuluka. Munthu wopanda chikhothi m'nyengo imeneyi amangofika pakhomo, mphepo n'kumubweza. Nyumbayo inali yopapatiza: shopu pansi, zipinda ziwiri pamwamba, masitepe khumi ndi awiri pakati. Mawindo sankatsegulidwa, ndipo fungo la sopo ndi nthunzi linali litakhazikika m'makoma. Kapensulo ankakwera, n'kutsika, n'kukweranso. Ankamva ngati amupachika nayenso pa hang'ala, akudikira mwini wake.

Achimwene atapita, anayesa njira imene ankaphunzitsa ana m'kalasi. Yang'anani panja, lembani zimene mukumva. Anapukuta nkhungu pa galasi ndi mkono wa juzi. Kunja amuna awiri anali pa makwerero, akumanga timagetsi ta tchuthi kuchoka pa mtengo wina kukafika pa unzake. Anthu ankadutsa mofulumira atanyamula timaphukusi, mapewa atakwezera m'makutu. Analemba mawu akuti chisanu, mdima, nyali, imfa. Anawasuntha uku ndi uku masana onse mpaka anakhala ndakatulo. Inali ndakatulo yoti mphunzitsi aliyense angaichonge.

Lachiwiri m'mawa anaipereka kwa amayi ake. Iwo anavala magalasi, n'kuwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

*Chisanu chagwa pa mitima yathu,*
*mdima wameza nyali za tchuthi.*
*Imfa, mbala ya nyengo yozizira,*
*watilanda moto wa m'nyumba.*

"Ndi yabwino," anatero. "Ndi ya chikhothi chiti?"

"Chilichonse. Ndikopera pa timapepala tonse."

"Ikalowa m'thumba lililonse, ndiye kuti si ya munthu." Anavula magalasi. "Chimodzi mwa zikhothizi ndi cha namwino amene akupita kukaona mdzukulu wake woyamba. Ukamuikire imfa m'thumba?"

"Nanga ndilembe chiyani, amayi? Mumtima mwanga muli zimenezo basi."

"Abambo ako mumtima mwawo munali zambiri. Sankazigawira makasitomala."

Mawuwo anamupweteka, makamaka chifukwa anali oona. Anakumbuka tsiku limene kabuku kake kanatuluka, pamene anatcha ndakatulo za abambo ake tinyimbo ta m'thumba, pamaso pawo penipeni. Iwo anangoseka, n'kunena kuti bola thumba limayenda ndi munthu, pomwe buku limatsala pa shelefu. Kapensulo anang'amba ndakatulo yakeyo, n'kukhalanso pa mpando uja.

Cha m'ma teni belu la pakhomo linalira. Analowa bambo wina wokalamba, dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene aliyense ankamutcha a Giya. Anavula chipewa, n'kugwira dzanja la amayi ndi manja awiri nthawi yaitali.

"Pepani kuti ndabwera tsiku lisanakwane," anatero. "Ndikunyamuka mawa. Mwana wanga wati nyumba ija yandikulira, ndikakhale kwa iye. Ukakalamba umasanduka katundu, aphunzitsi, amangokuuza tsiku lonyamula."

Chikhothi chawo chinali nambala sikisi, chimodzi mwa zimene abambo anamaliza. Anachivala pomwepo. Anapisa kumanja, n'kutulutsa kaenvulopu momwe munali kiyi womangidwa pa chingwe chakuda. Anapisa kumanzere, n'kutulutsa kapepala.

"Magalasi anga alongedwa kale m'bokosi. Tandiwerengereni."

Kapensulo analandira. Zilembo za abambo ake zinali zopendekera kutsogolo, ngati zikuthamangira basi. Anawerenga mokweza.

*Kiyi uyu watsegula khomo limodzi zaka makumi anayi,*
*mumupatse ulemu, musamutaye m'ngalande.*
*Kumene mukupita azikakutsegulirani ndi ana.*
*Phunzirani kugogoda, achikulire, si matenda.*

A Giya anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Munawauza za kiyiyo?" anafunsa Kapensulo.

"Kuwauza? Ndinamuiwala m'thumba. Bambo anu sankafunsa munthu, ankafunsa matumba. Chaka chatha anapezamo mankhwala a chifuwa, ndinanyozedwa mizere inayi yathunthu." Anawerama, n'kuyendetsa zala m'munsi mwa chikhothi, m'kati mwa mpendero. Zalazo zinaima. "Lilipo. Ndinadziwa."

Anatembenuza mpenderowo. M'kati munali batani limodzi lofanana ndi a kutsogolo, losokedwa mobisika.

"Mnzanga wina atasamuka anamuchitiranso chimodzimodzi. Aliyense wosamuka. Ankati kumene mukupitako sadziwa mabatani anu, likakaduka limodzi mudzayenda ngati munthu wopanda kwawo. Ndi mmene ankatsanzikira, bambo anu. Pakamwa sankatha."

Amayi anaika pansi kansalu kopukutira. Anati madzi akuwira pamwamba, n'kukwera masitepe. Kapensulo anali atangochoka kumeneko, ndipo pa moto panalibe kanthu.

Anakulira pamwamba pa shopu imeneyi, koma zonsezi sankazidziwa. Ali mtsikana ankadutsamo buku lili kumaso, mphuno atakwinya. A Giya atatuluka, anakoka dilowa yaikulu ya pansi pa kauntala. Munali maenvulopu ondanda bwinobwino, lililonse ndi nambala ya chikhothi chake, lililonse ndi zimene zinapezeka m'matumba. Anawayendetsa ndi chala. Sanali makumi awiri ndi asanu. Kumapeto kwenikweni kunali lina, nambala 35, ndipo pansi pa nambalayo panalembedwa kuti Kapensulo.

Linali lopanda kanthu.

Ndiye kuti anaipezadi. Anaiwerenga, n'kukhala nayo Lamlungu lonse okhaokha, mwana wawo ali pamwamba akumwa tiyi. Kapensulo analikankhira envulopulo pansi pa anzake, n'kutenga la nambala teni, chifukwa akanapanda kugwira kanthu akanalira mokweza.

Nambala teni anali namwino uja. Anakhuthulira pa tebulo. Munatuluka kasokosi kamodzi ka ubweya wachikasu, kotalika ngati chala, ndi kaulusi kotsala. Anakaika pachikhatho. Kanali kopepuka moti sankakamva n'komwe. Anakayang'ana nthawi yaitali, akumva mawu a abambo ake akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, amene ankawanena akamachotsa dontho la mafuta pa nsalu yoyera. Kenako pensulo inayenda yokha.

*Mwaluka kamodzi, kachiwiri kakudikira.*
*Musadandaule, agogo atsopano,*
*mwanayo sayenda chaka chino.*
*Phazi linalo mulifunditse ndi dzanja.*

Amayi atatsika anapeza kapepalako pa kauntala. Anawerenga, n'kukapinda kamodzi, n'kukakaika m'thumba la kumanzere la chikhothi cha namwino. Kenako anayatsa simbi.

Lachitatu ndi Lachinayi anagwira ntchito moyang'anizana, tebulo lili pakati. Zikhothi zonse abambo anali atachapa kale, kunangotsala kusita. Amayi ankasita, Kapensulo ankakhuthula maenvulopu. Mwa mlonda wa ku banki munatuluka mabatire awiri akutha ndi mapepala a masiwiti opindidwa ngati timabwato. Mwa wometa tsitsi munali chipeso chopanda mano atatu. Kalaliki wina wa nkhope yowuma, amene sanamwetulirepo munthu chibadwire, anali ndi kansalu komangira tsitsi la kamtsikana. Mayi wogulitsa maluwa anali ndi mndandanda wa zogula, pomwe mawu akuti nsapato zanga anafufutidwa, pamwamba pake n'kulembedwa nsapato za ana. Kapensulo sanayang'anenso pawindo. Timagetsi tinayatsidwa Lachitatu madzulo, iye osationa n'komwe.

Zina zinkabwera msanga, zina zinkamukanira mpaka pensulo kuiluma. Amayi ankathandiza osakweza mutu.

"Ameneyo mkazi wake anamuthawa, usatchule za khomo."

"Nanga uyu wa chipeso?"

"Ameneyo munyoze, amakondwa."

Kawiri konse anaseka, n'kudzidzimuka okha kuti aseka. Koma kuseka kukatha, Kapensulo ankayang'ana kalendala ya pakhoma, ndipo mantha ankabwerera pamalo pake. Kulemba kunali kutabwerera, inde, koma kunabwerera pa mpando uno, m'chipinda chino chopanda mpweya.

Lachinayi masana achimwene anabwera, akununkha mphira. Anatenga timapepala titatu, n'kuwerenga ataima. Anaseka pa ka wometa tsitsi. Pa ka mayi wa maluwa anangotsokomola pang'ono.

"Mbewu ya a Simbi imeneyi," anatero. "Amayi, mwaona? Ndimanena ine. Mwanayu anabadwira shopu ino, kunja kuja amangotaya nthawi." Anatulutsa pepala m'thumba la malaya, n'kulitambasula pa tebulo. "Ndalankhula ndi mnzanga wa ku ofesi ya zamaphunziro. Pa sukulu ya kuseri kwa msika pali malo. M'mawa uziphunzitsa, masana uzikhala pano ndi amayi. Usaine apa. Ndidzatenga mawa hafu folo, ndikapereke asanatseke."

"Achimwene, ndimafuna ndiganize kaye."

"Uganize chiyani? Mapanga awiri avumbwitsa, Kapensulo. Uli ndi kwina kopita?"

Kapensulo anatsegula pakamwa. Mawu anafika pammero, n'kukumana ndi envulopu yopanda kanthu ija, n'kubwerera.

"Ayi," anatero.

Achimwene sanali munthu woipa. Ndi iwo anathamanga ndi abambo ku chipatala, ndi iwo ananyamula bokosi kutsogolo, ndipo chiyambire maliro anali asanakhale pansi. Anangokhala munthu amene akaona bowo amafuna kulimata lero lomwe, ndi chigamba chimene chili pafupi. Potuluka anatsindikira pepalalo ndi chitini cha mabatani kuti lisauluke.

Lachisanu belu linayamba kulira shopu isanatsegulidwe. Anthu ankalowa ndi nkhope za maliro, n'kupepesa, n'kulandira zikhothi zawo. Palibe anapisa m'thumba ali m'shopumo, ulemu unawagwira. Koma Kapensulo ankawaona pa galasi. Ankangoyenda mapazi asanu, dzanja n'kulowa kumanzere. Mlonda anawerenga ataima pakati pa msewu mpaka galimoto inamuimbira hutala. Namwino anabwerera, n'kutsegula chitseko pang'ono, n'kuyang'ana Kapensulo. Anangogwedeza mutu n'kutsekanso.

Pofika folo koloko pa chitsulo panatsala mahang'ala okhaokha. Shopu inaoneka yaikulu ndi yozizira. Amayi anazimitsa simbi, n'kuyamba kukulunga chingwe chake. Kapensulo anachotsa chitini cha mabatani pa pepala la achimwene. Analiwerenga lonse, ngakhale tizilembo ta m'munsi. Kenako anatenga cholembera, n'kusaina.

"Wasaina," anatero amayi.

"Ndasaina."

"Ukufuna?"

"Kufuna kulibe ntchito, amayi." Anakoka dilowa, n'kutulutsa envulopu ya nambala 35, n'kuiika pa tebulo. "M'chikhothi changa munali kalata. Andipatsa ntchito kutali. Ndimafuna ndikuuzeni bwinobwino, tili tonse, koma abambo anaipeza okha. Munaona mmene analili Lamlungu. Sanandiyang'ane n'komwe. Kutacha anagwa. Ndinawapha ndine, amayi. Ndiye nditani? Ndiwaphe, kenako ndikusiyeninso inu nokha?"

Amayi anaima chingwe chili m'manja. Nkhope yawo inagwa, ngati ya munthu amene wagwidwa ndi chinthu chimene anabisa.

"Ndi zimene wakhala ukusenza masiku onsewa?"

"Ndi zimenezo."

Anaika chingwecho pansi, n'kukwera masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma. Kapensulo anamva chitseko cha chipinda chawo, kenako kulira kwa bedi likusunthidwa. Atatsika anali atanyamula chikhothi chake m'manja awiri, chili m'pulasitiki, kanambala ka 35 kakulendewera pa kolala.

"Ndinachibisa ndine," anatero. "Tsiku lomwe anagwalo, titangobwera kuchokera ku chipatala. Ndinaopa. Nyumba ino usiku imalankhula, mwana wanga, ndipo sindinagonemo ndekha chikwatiwire. Ndinati akapanda kuchiona, Lachisanu lidutsa, ndipo nkhani ithera pomwepo. Sindinadziwe kuti ukudziyesa wakupha. Ndakulakwira."

Kapensulo anachotsa pulasitiki. Chikhothicho chinali cholemera kuposa mmene ankachidziwira. Anachitsegula. M'kati monse munali nsalu yatsopano yochindikala, yotuwa, yosokedwa pamanja kuyambira m'khosi mpaka m'munsi.

"Anandionetsa kalatayo Loweruka lomwelo," anatero amayi. "Ine ndinalira. Iwo anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinawayankha kuti ine sindinabale ng'ona. Tinakangana ndithu. Kutacha, usanadzuke, anapita kukafunsa a Giya za mzindawo, poti anayendako, n'kumva kuti kumazizira mpaka madzi kuuma m'mipope. Ndiye anamasula nsalu ya m'chikhothi chawo chabwino chija. Za mtima, dokotala anawauza kalekale chaka chatha. Anatiletsa kukuuzani ana."

"Nanga bwanji sanandiyang'ane?"

"Akanakuyang'ana akanalira. Unawaonapo abambo ako akulira pa chakudya?"

Kapensulo anapisa kumanja. Kalata inali momwemo, koma sinalinso yopinda kanayi. Inali itasitidwa, makwinya onse atachoka, n'kuikidwa m'envulopu yatsopano. Anapisa kumanzere. Kapepala kanalimo. Anakatulutsa, n'kukatembenuza, n'kukatembenuzanso. Pakona panali nambala 35. Pena ponse panali poyera.

"Anakhala nako Lamlungu lonse," anatero amayi. "Ndinawabweretsera tiyi katatu, katatu konse ndinawapeza akukayang'ana, pensulo ili kukhutu. Madzulo anati, mayi, zaka makumi atatu ndalembera msewu wonse, koma ya mwana wanga yandikanika. Ndiye anasiya pensulo, n'kutenganso singano."

Kapensulo anakhala pa mpando wautali uja, kapepala kali m'manja, n'kulira. Ku manda sanalire chonchi. Amayi anamusiya kwa kanthawi, kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Yatsala pang'ono hafu folo. Vula juziyo."

Anavula. Amayi anailandira, n'kuivala okha pamwamba pa diresi, manja ake akadali opinda kawiri. Anatenga pepala losainidwa lija, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba la juziyo.

"Mchimwene wako ndilankhula naye ndekha. Ndinamubala ndine."

"Nanga inu, amayi?"

"Ndiziopa. Kenako ndizolowera. Simbi ndimaidziwa, ndipo chaka chamawa maenvulopu ndidzakutumizira ndisanayambe kusita, usaganize kuti wathawa." Ananyamula chikhothi, n'kuchitambasula kumbuyo kwake ndi manja awiri. "Lowetsa mkono. Foni yako ili kuti?"

Kapensulo analowetsa mkono umodzi, kenako winawo. Chikhothicho chinamukhala pamapewa mofunda, chikununkha sopo ndi nthunzi. Foni inali pa kauntala, pafupi ndi kalata. Asanaitenge, anawerama, n'kuyendetsa zala m'kati mwa mpendero monga anachitira a Giya. Zalazo zinagunda batani. Zinapitirira pang'ono, n'kugunda lina. Kenako lina. Anatembenuza mpendero wonse. Analipo asanu ndi limodzi, ochuluka ngati a kutsogolo, ondanda motalikirana bwino.

"Anati limodzi silikukwanira," anatero amayi, akumukonzera kolala. "Akuti umataya zinthu."

Kapensulo anagwira batani lomaliza, n'kulikoka pang'ono. Silinasunthe. Ulusi wake unali wopota kawiri, monga ankasokera zinthu zoti zikhalitse.